Ndalama zobisika pa mayendedwe a katundu

Ndalama zobisika pa mayendedwe a katundu ndi ndalama zimene munthu wooda katundu kutali amalipira kuwonjezera pa mtengo umene anagwirizana ndi wopikulitsa, koma zimene sizinalembedwe pa pepala la mitengo limene anapatsidwa poyamba. Ndalamazi zimapita kwa onyamula katundu, oyendetsa madoko, ma ejenti a kasitomu, boma ndi ena onse amene katunduyo amadutsa m'manja mwawo asanafike kwa mwini wake. Zimakula kwambiri pa katundu wodya malo kapena wolemera, monga matiresi, matanki a madzi, mipando, malata, matailosi, mapaipi, simenti ndi feteleza, chifukwa katundu wotereyu amakhala wotsika mtengo poyerekeza ndi malo amene amatenga m'thiraki kapena m'kontena.

Mawu akuti "zobisika" sakutanthauza kuti nthawi zonse pamakhala chinyengo. Zambiri mwa ndalamazi n'zovomerezeka ndipo zinalembedwa m'malamulo a makampani onyamula katundu kapena m'malamulo a misonkho, kungoti wogula amazidziwa mochedwa, katundu ali kale pa doko kapena pa boda, pamene sangathenso kubwerera m'mbuyo. Vutoli limakula m'mayiko amene alibe doko lawolawo, monga Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, popeza katundu akatsika m'sitima amayenera kudutsanso m'dziko la eni asanalowe kwawo. Bungwe la United Nations limawerengera mayiko 32 amene akutukuka kumene koma sanachite malire ndi nyanja yamchere, ndipo 16 mwa mayikowa ali mu Africa.

Chifukwa chake katundu wodya malo amavuta

Wonyamula katundu amagulitsa zinthu ziwiri: malo a m'galimoto yake ndi kulemera kumene galimotoyo ingasenze. Chimodzi mwa ziwirizi chikadzaza, ulendo wadzaza. Thiraki yonyamula matanki a pulasitiki opanda kanthu imadzaza isanalemere n'komwe, pamene yonyamula simenti imafika pa malire a kulemera malo akadalipo ambiri. Mafuta, malipiro a dalaivala ndi ndalama za m'njira zimakhala pafupifupi zofanana pa maulendo awiriwa, choncho mwini thiraki amalipiritsa potengera chimene chayamba kudzaza.

Pa katundu wamng'ono koma wodula, monga mafoni a m'manja, ndalama ya mayendedwe imakhala kachigawo kochepa ka mtengo wake. Katoni imodzi ya mafoni ikhoza kuposa mtengo wa matiresi odzaza theka la kontena. Pa matiresiwo, mayendedwe akhoza kufanana ndi mtengo wooda kapena kuuposa kumene. N'chifukwa chake zinthu monga simenti, njerwa ndi matanki a madzi kawirikawiri zimapangidwa pafupi ndi kumene zikagulitsidwe, ngakhale kuti kutali zilipo zotchipa.

Kawerengedwe ka kulemera

Makampani ambiri salipiritsa potengera sikelo yokha. Amayeza katunduyo m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, n'kusandutsa kukula kwake kukhala makilogalamu. Kenako amayerekeza makilogalamu amenewa ndi a pa sikelo, ndipo nambala yaikulu ndi imene wogula amalipira.

Pa ndege, muyezo wodziwika wa bungwe la makampani a ndege la IATA ndi wakuti masentimita a m'litali, m'lifupi ndi msinkhu achulukitsidwe, kenako agawidwe ndi 6,000. Izi zikutanthauza kuti kiyubiki mita imodzi imawerengedwa ngati makilogalamu pafupifupi 167. Makampani ambiri otumiza maphukusi mwachangu amagawa ndi 5,000. Mwachitsanzo, katoni ya mapilo ya masentimita 60 m'litali, 50 m'lifupi ndi 40 msinkhu ikhoza kulemera makilogalamu 8 okha pa sikelo. Manambala atatuwa akachulukitsidwa amakwana 120,000. Kugawa ndi 6,000 kumapereka makilogalamu 20, ndipo kugawa ndi 5,000 kumapereka 24. Munthu amene anawerengera makilogalamu 8 amapezeka akulipira kuwirikiza katatu.

Pa sitima zapamadzi, katundu wosadzaza kontena amaphatikizidwa ndi wa anthu ena, ndipo kiyubiki mita imodzi imawerengedwa ngati tani imodzi, yomwe ndi makilogalamu 1,000. Matiresi otenga makiyubiki mita 5 koma olemera makilogalamu 300 amalipiridwa ngati matani 5. Matailosi otenga makiyubiki mita 2 koma olemera matani 3 amalipiridwa matani 3. Makampani ambiri amaikanso mlingo wotsikitsitsa, moti ngakhale katoni imodzi yokha imalipiridwa ngati kiyubiki mita yathunthu.

Palinso kusiyana pakati pa kukula kwa katundu ndi kukula kwa phukusi lake. Wopikulitsa amatchula miyezo ya chinthucho, pamene wonyamula amayeza zonse pamodzi ndi katoni, matabwa ochinjiriza ndi paleti imene katunduyo wakhalapo. Katundu amene sangasanjikizidwe, monga magalasi kapena makina, amalipiritsidwanso malo opanda kanthu amene atsala pamwamba pake.

Makontena odziwika kwambiri ndi a mafiti 20, amene mkati mwake muli makiyubiki mita pafupifupi 33, ndi a mafiti 40, amene ali ndi pafupifupi 67. Mtundu wina wa mafiti 40 wotalikirapo msinkhu umafika pafupifupi 76. Malo amene amagwiradi ntchito amakhala ochepa kuposa pamenepa chifukwa makatoni sakwana ndendende mpaka kudenga. Kunyamula katundu m'makontena kunayamba kufala kuchokera mu April 1956, pamene sitima ya Ideal X ya Malcom McLean inanyamula makontena 58 kuchoka ku Newark kupita ku Houston m'dziko la America.

Malamulo a Incoterms

Gwero lalikulu la kusamvana ndi malo amene udindo wa wogulitsa umathera. Pofuna kuthana ndi vutoli, bungwe la International Chamber of Commerce, lomwe likulu lake lili ku Paris, linatulutsa malamulo otchedwa Incoterms mu 1936. Malamulowa akhala akukonzedwa, ndipo a Incoterms 2020, omwe anayamba kugwira ntchito pa 1 January 2020, ali ndi mitundu 11 ya mgwirizano. Mtundu uliwonse umalembedwa ndi zilembo zitatu zotsatana ndi dzina la malo.

EXW ikutanthauza kuti wogulitsa wangoika katundu pakhomo pa fakitale kapena nyumba yake yosungiramo katundu. Kukweza, kupita naye ku doko, mapepala otulutsira katundu m'dzikolo ndi zonse zotsatira ndi za wogula. Mitengo yambiri yooneka yotchipa imene opikulitsa amaika pa intaneti imakhala ya mtundu umenewu.

FOB ikutanthauza kuti wogulitsa amalipira mpaka katundu atakwera m'sitima pa doko la kwawo. Kuyambira pamenepo, sitima, inshulansi ndi zonse za kutsogolo ndi za wogula.

CIF ikutanthauza kuti wogulitsa walipira sitima ndi inshulansi mpaka pa doko limene latchulidwa. Apa ndi pamene ogula ambiri a m'mayiko opanda doko amasokonezeka. "CIF Beira" kapena "CIF Dar es Salaam" sikutanthauza kuti katundu afika ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Ulendo wonse wapamtunda, womwe nthawi zambiri umadula kuposa wapanyanja, umakhala usanalipiridwe. Komanso pa CIF, ngakhale wogulitsa ndi amene walipira sitima, katundu akaonongeka panyanja vuto limakhala la wogula, chifukwa chiopsezo chimasamukira kwa iye katunduyo akangokwera m'sitima.

DAP ikutanthauza kuti wogulitsa amafikitsa katundu pa malo amene agwirizana, koma msonkho ndi kutsitsa ndi za wogula. DDP ndi mtundu umene wogulitsa amasenza zambiri kuposa mitundu ina yonse, kuphatikizapo msonkho wa dziko limene katundu akulowa.

Ndalama za panyanja ndi pa doko

Mtengo wa sitima umene umatchulidwa poyamba nthawi zambiri umakhala wa ulendo wokha. Pamwamba pake pamabwera zowonjezera zingapo. Pali ndalama ya mafuta a sitima, yotchedwa BAF, imene imakwera kapena kutsika motsatira mtengo wa mafuta pa dziko lonse. Ndalamayi inakwera pamene bungwe la International Maritime Organization linalamula kuti kuyambira pa 1 January 2020 mafuta a sitima asakhale ndi sulufule woposa 0.5 peresenti. Pali ndalama yotchedwa CAF, yotetezera kampani ku kusinthasintha kwa mphamvu ya ndalama za mayiko. Pali ndalama yotsitsira ndi kusuntha kontena pa doko, yotchedwa THC, imene imalipiridwa pa doko lonyamukira komanso lofikira. Palinso ndalama ya mapepala, ya chidindo chotsekera kontena, ya nyengo imene katundu wachuluka, ndiponso ya kudzaza kwa sitima pa doko.

Katundu wophatikizana ndi wa anthu ena ali ndi ndalama inanso yotsegulira kontena ndi kugawa katunduyo kwa eni ake. M'malonda amenewa muli mchitidwe wodziwika wakuti wotumiza amapatsidwa mtengo wa sitima wotsika kwambiri kudziko kumene katundu akuchokera, kenako ejenti wa ku doko lofikira amabweza ndalamayo polipiritsa wolandira katundu mitengo yokwera. Wolandirayo sangakane, chifukwa katundu satulutsidwa ngongole isanathe.

Mitengo ya sitima imasinthanso mwadzidzidzi chifukwa cha zochitika za kutali. Nthawi ya mliri wa COVID-19 makontena anasowa, ndipo mu September 2021 mtengo wapakatikati wonyamulira kontena ya mafiti 40 pa njira zikuluzikulu za pa dziko lonse unaposa madola 10,000 a ku America, kuwirikiza kangapo mtengo wa mliri usanayambe. Mu March 2021 sitima ya Ever Given inatseka ngalande ya Suez kwa masiku 6. Kuyambira kumapeto kwa 2023, sitima zambiri zinasiya kudutsa pa Red Sea chifukwa choopa kuphulitsidwa, n'kumazungulira kumwera kwa Africa. Popeza pepala la mitengo limakhala ndi masiku ochepa ogwira ntchito, mtengo umene wogula anauzidwa pooda ukhoza kusiyana ndi wa tsiku limene katundu wakwera.

Ndalama za kuchedwa

Kontena si ya wogula. Ndi ya kampani ya sitima, ndipo imabwerekedwa kwa masiku owerengeka aulere. Masikuwo akatha, kampani imalipiritsa tsiku lililonse. Ndalama ya kontena imene yakhalitsa pa doko isanatulutsidwe imatchedwa demurrage, ndipo ya kontena imene yatuluka koma yachedwa kubwezedwa imatchedwa detention. Kupatula apo, oyendetsa doko nawonso amalipiritsa ndalama yawoyawo yosungira katundu. Kawirikawiri mtengo wa tsiku umakwera masiku akamachuluka.

Zimene zimachedwetsa katundu nthawi zambiri ndi mapepala. Chikalata cha sitima chosonyeza mwini katundu chikachedwa kufika, dzina likalakwika, invoisi ikasiyana ndi mndandanda wa makatoni, kapena chilolezo cha boma chikasowa, katundu amaima koma masiku amawerengedwabe. Kwa wogula wa ku Malawi vutoli limakhala lalikulu chifukwa kontena imayenda mtunda wautali kubwera, kenako iyenera kubwereranso ku doko kapena ku depoti ya kampaniyo. Makampani a sitima amafunanso ndalama ya chikole asanalole kontena kulowa m'dziko lina. Ndalamayi imabwezedwa kontena ikabwerera ili bwino, koma pa nthawi yonseyo mpamba wa wogula umakhala utamangika.

Mathiraki nawonso ali ndi ndalama yodikira. Thiraki ikaima pa boda masiku angapo chifukwa msonkho sunalipiridwe, kapena ikafika pamalo n'kupeza kuti palibe anthu otsitsa, mwini wake amalipiritsa masiku amenewo.

Msonkho wa pa kasitomu

Mayiko ambiri, kuphatikizapo Malawi, amawerengera msonkho pa mtengo wa katundu kuphatikiza mayendedwe ndi inshulansi mpaka polowera m'dzikolo. Mayiko ena ochepa, monga America ndi South Africa, amawerengera pa mtengo wa katundu asanaikepo ulendo wapanyanja. Zotsatira zake n'zakuti m'mayiko a gulu loyamba, ndalama ya mayendedwe nayonso imakhomeredwa msonkho. Mayendedwe akakwera, msonkho wolowetsera katundu umakwera, ndipo VAT, yomwe imawerengedwa pamwamba pa msonkhowo, imakweranso.

Ku Malawi misonkhoyi imatoleredwa ndi bungwe la Malawi Revenue Authority, lomwe mwachidule limatchedwa MRA ndipo linayamba ntchito mu 2000. Katundu wamalonda amalembetsedwa pa kompyuta kudzera m'ndondomeko ya ASYCUDA, yopangidwa ndi nthambi ya United Nations yoona zamalonda ya UNCTAD, ndipo ntchitoyi imachitidwa ndi ma ejenti ovomerezeka amene amalipiritsa ndalama yawo. Mlingo wa msonkho umadalira gulu limene katundu waikidwamo, ndipo katundu wina amakhalanso ndi msonkho wa excise. Akuluakulu a kasitomu akakayikira mtengo wa pa invoisi, ali ndi mphamvu yofunsa umboni kapena kuika mtengo wina motsatira malamulo. Katundu wina amayesedwanso ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards, ndipo kuyesako kuli ndi ndalama yake.

Mapangano a COMESA ndi SADC amalola kuti katundu wopangidwa m'mayiko a m'mabungwewa alowe pa msonkho wotsika kapena wopanda msonkho wolowetsera, koma pokhapokha pali chikalata chosonyeza kumene katunduyo anapangidwira. Katundu wopangidwa ku China amene wagulidwa kwa wopikulitsa wa ku Johannesburg kapena ku Kariakoo mu mzinda wa Dar es Salaam sasanduka wa ku South Africa kapena wa ku Tanzania chifukwa chogulidwa kumeneko. Amalipira msonkho wonse, ndipo VAT imalipiridwa ngakhale pa katundu amene wakhululukidwa msonkho wolowetsera.

Njira zolowera ku Malawi

Katundu wambiri wa ku Malawi amadzera pa madoko anayi. Doko la Beira ku Mozambique lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 800 kuchokera ku Blantyre, ndipo mathiraki amadutsa ku Tete n'kulowera pa boda ya Mwanza kapena ya Dedza. Doko la Nacala, lomwe lilinso ku Mozambique, lili pa mtunda wofananako, ndipo limalumikizana ndi Malawi kudzera pa njanji yolowera pa Nayuchi. Doko la Dar es Salaam ku Tanzania lili pa mtunda woposa makilomita 1,500 kuchokera ku Lilongwe, ndipo katundu amalowera pa Songwe m'boma la Karonga. Doko la Durban ku South Africa lili pa mtunda woposa makilomita 2,000. Katundu wochokera ku Durban ndi ku Johannesburg amadutsa pa Beitbridge, ku Harare, pa Nyamapanda ndi ku Tete asanafike ku Mwanza, kutanthauza kuti amawoloka malire atatu.

Kale katundu wambiri wa Malawi ankayenda pa njanji kudzera ku Beira ndi ku Nacala. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, yomwe inatha mu 1992, inadula njanji zonse ziwiri m'zaka za m'ma 1980, ndipo dziko linakakamizika kugwiritsa ntchito Durban ndi Dar es Salaam. Malo osungirako katundu a Malawi Cargo Centres ku Dar es Salaam ndi ku Mbeya anakhazikitsidwa chifukwa cha vuto limeneli. Kuyambira nthawi imeneyo katundu wambiri wakhala akuyenda pa msewu, ngakhale kuti njanji ndi imene imatchipa pa katundu wolemera woyenda mtunda wautali.

Chinthu china chimene chimakweza mtengo ndi chakuti Malawi amaitanitsa katundu wambiri kuposa amene amatumiza kunja, ndipo zimene amatumiza, monga fodya, tiyi, shuga ndi nandolo, zambiri zimayendera nyengo. Thiraki yobweretsa katundu ikasowa wobwerera naye, mwini wake amaika mtengo wa ulendo wobwerera wopanda kanthu pa katundu amene wabwera. Nyengo yobweretsa feteleza, mvula isanayambe, mathiraki amasowa ndipo mitengo imakwera. Nyengo yoipa nayo imatseka njira, monga mmene namondwe wa Idai anaonongera mzinda wa Beira ndi misewu yake mu March 2019.

Ndalama za pamsewu

Thiraki yodutsa m'dziko la eni imalipira ndalama yogwiritsira ntchito msewu, ya pa zipata za toll, ya inshulansi ya galimoto ndi ya ziphaso zodutsira. Katundu wongodutsa amafunanso chikole cha kasitomu chotsimikizira kuti sadzagulitsidwa m'dzikolo msonkho usanalipiridwe, ndipo pa boda iliyonse pamakhala ejenti wokonza mapepala. Dziko la Mozambique, Tanzania ndi South Africa si mamembala a COMESA, choncho si mapepala onse a bungweli amene amagwira ntchito pa njira zonse. Mkati mwa Malawi, pa msewu wa M1 pali zipata za toll pa Chingeni m'boma la Ntcheu ndi pa Kalinyeke m'boma la Dedza.

Masikelo a pamsewu amakhudza kwambiri katundu wolemera. Kontena ya mafiti 20 ikhoza kunyamula matani pafupifupi 28 panyanja, koma pamsewu malamulo amaika malire a kulemera pa ekiselo iliyonse ya thiraki. Wopikulitsa akadzaza kontena ndi matailosi mpaka pa malire a panyanja, thiraki ikhoza kugwidwa pa sikelo, n'kulipira chindapusa kapena kulamulidwa kutsitsa katundu wina, amene amafuna galimoto yachiwiri.

Gawo lomaliza la ulendo limaiwalika kawirikawiri. Onyamula ambiri amathera pa depoti yawo ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Kuchoka pamenepo kupita ku sitolo, ku sukulu kapena kumalo omangako nyumba pamafunika lole ina, aganyu okweza ndi otsitsa, ndipo pa katundu wolemera kwambiri pamafunika makina onyamulira. M'nyengo yamvula, thiraki yaikulu siingalowe m'misewu yambiri yafumbi ya kumidzi.

Kugwa mphamvu kwa ndalama

Mitengo ya sitima ndi ya mathiraki odutsa malire imatchulidwa m'madola a ku America kapena m'marandi, pamene wogula amagulitsa katundu wake m'makwacha. Pakati pa tsiku looda ndi tsiku lolandira pamadutsa milungu kapena miyezi. Ndalama ya kwacha ya Malawi inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene katundu wawo anali m'njira pa nthawizi anafunika makwacha ambiri kuposa amene anakonzekera kuti alipire mayendedwe otsala ndi msonkho, popeza kasitomu imasintha mtengo wa katundu kukhala makwacha potengera mlingo wa nthawi imene katundu akulowa. Kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki kumachedwetsanso malipiro, ndipo kuchedwako kumabala ndalama za kontena yokhalitsa pa doko.

Kuonongeka kwa katundu ndi inshulansi

Anthu ambiri amaganiza kuti katundu akaonongeka m'njira wonyamula ndi amene amabweza mtengo wonse, koma malamulo amaika malire. Pansi pa malamulo a Hague-Visby, amene mayiko ambiri amatsatira pa zapanyanja, kampani ya sitima imalipira potengera chiwerengero cha maphukusi kapena makilogalamu, osati mtengo weniweni wa katundu. Inshulansi imene wogulitsa amayenera kugula pa CIF ndi yotsikitsitsa, ndipo siteteza ku mavuto onse. Kubweza katundu wolakwika kapena wosweka kwa wopikulitsa wakutali nthawi zambiri sikutheka, chifukwa ulendo wobwerera umadula kuposa katunduyo.

Palinso lamulo lakale la panyanja lotchedwa general average. Sitima ikakumana ndi ngozi ndipo pakaonongedwa ndalama kapena katundu wina pofuna kupulumutsa ulendo wonse, eni katundu onse amasonkherana pa chitayikocho, ngakhale amene katundu wawo sanakhudzidwe. Eni sitima ya Ever Given analengeza zimenezi mu 2021. Amene alibe inshulansi amayenera kupereka chikole cha ndalama katundu wawo asanatulutsidwe.

Chitsanzo cha kawerengedwe

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera, pofuna kusonyeza mmene ndalamazi zimaunjikirana. Wamalonda waoda mipando ya madola 4,000 pa mtengo wa FOB. Sitima, inshulansi ndi thiraki mpaka pa boda zakwana madola 1,500. Mtengo wowerengera msonkho ndi madola 5,500. Msonkho wolowetsera ukakhala 25 peresenti, ndiye kuti ndi madola 1,375. VAT ya 16.5 peresenti, womwe unali mlingo wa ku Malawi mu 2024, imawerengedwa pa madola 6,875 ndipo imakwana pafupifupi madola 1,134. Misonkho yonse pamodzi ndi madola 2,509.

Wamalondayo akanawerengera misonkho pa madola 4,000 okha, akanayembekezera madola 1,825. Kusiyana kwa madola 684 kwabwera chifukwa chakuti mayendedwe nawonso akhomeredwa msonkho. Akawonjezera madola 500 a ejenti, depoti, lole yomalizira ndi aganyu, mipandoyo imafika m'sitolo pa madola 8,509, kuposa kuwirikiza kawiri mtengo wooda, ndipo apa palibe tsiku ngakhale limodzi la kuchedwa. Nambala yomalizayi ndi imene iyenera kuyerekezedwa ndi mtengo wa wopikulitsa wapafupi. Wamalonda amene analembetsa VAT amatha kuchotsera VAT imene walipira pa boda pa imene watolera pogulitsa, koma wamalonda wamng'ono wosalembetsa amaisenza yonse.

Amalonda ang'onoang'ono

Amalonda ambiri amene amakaoda ku Johannesburg, Dar es Salaam, Lusaka, Dubai, Guangzhou ndi Yiwu sadzaza kontena. Amatumiza katundu pa ngolo za mabasi, pa mathiraki ophatikiza katundu wa anthu ambiri, kapena kudzera kwa ma ejenti amene amalipiritsa pa kilogalamu kapena pa kiyubiki mita. Nthawi zambiri mgwirizano umakhala wapakamwa kapena wa pa WhatsApp, ndipo sizimveka bwino ngati msonkho uli momwemo kapena ayi. M'thiraki yophatikiza, munthu mmodzi akalakwitsa mapepala, katundu wa onse amaima.

Pofuna kuthandiza amalonda oterewa, COMESA inakhazikitsa ndondomeko yotchedwa Simplified Trade Regime, yomwe imachepetsa mapepala pa katundu wochepa wopangidwa m'chigawochi amene ali pa mndandanda wogwirizana pakati pa mayiko awiri. Boda ya Mchinji ndi Mwami, pakati pa Malawi ndi Zambia, inatsegulidwa mu December 2022 ngati boda yoima kamodzi, kumene mapepala a mayiko onse awiri amakonzedwera malo amodzi.

Njira zochepetsera vutoli

Akatswiri a zamayendedwe a katundu amalimbikitsa kuti wogula afunse mtengo wolembedwa wotchula mtundu wa Incoterms pamodzi ndi malo enieni ofikira, komanso mndandanda wa zonse zimene sizili mu mtengowo. Miyezo ndi kulemera kwa katundu ziyenera kukhala za katundu wopakidwa kale. Gulu la msonkho ndi zilolezo zimafufuzidwa kwa ejenti kapena ku MRA ndalama isanatumizidwe, ndipo mapepala amayenera kufika sitima isanakocheze. Masiku aulere a kontena amatha kukambidwa pogula malo m'sitima, osati katundu atafika.

Kapakidwe kamathandizanso. Mipando yosamanga imene imalumikizidwa ikafika, zidebe zolowetsana ndi matiresi opanikizidwa zimatenga malo ochepa. Kuphatikiza katundu wolemera ndi wopepuka m'kontena imodzi kumathandiza kuti malo ndi kulemera zidzaze pamodzi. Katundu akafika pafupifupi theka la kontena ya mafiti 20, kawirikawiri kubwereka kontena yonse kumayamba kutchipa kuposa kuphatikizana ndi ena, ndipo n'chifukwa chake amalonda ena ndi magulu a makopaletivi amasonkherana n'kuoda pamodzi. Pa katundu wodya malo kwambiri amene amapangidwanso m'dziko momwemo, kuwerengera konseku nthawi zambiri kumasonyeza kuti wopikulitsa wapafupi, ngakhale mtengo wake ukuoneka wokwera, ndi amene ali wotchipa.